Tisawauze Amayi

Lolemba, 8 Okutobala 2001

Zayamba. Dzulo madzulo, titangomaliza kuswali. Magetsi kuthima kaye, kenako kugunda cha ku bwalo la ndege, ngati munthu akugubuduza migolo padenga. Zenera la kuchipinda kwa apongozi lang'aluka pakati. Mursal anakalowa pansi pa tebulo la makina osokera, namwali wa zaka khumi ndi zisanu, wamtali kuposa ine mayi wake, miyendo yonse ili panja. Ndinamukoka chala chakuphazi kuti aseke. Sanaseke.

Wailesi ikuti ndi ndege za ku Amerika. Ndinaona nkhondo ya a ku Rasha, ndinaona yathu yophana tokhatokha, tsopano iyi. Kabul sasowa alendo.

Kutacha ndawerenga anthu anga ngati nkhuku. Mursal, apongozi, mlamu wanga Nasrat. Onse alipo. Qayum ali ku Iran ndi ntchito yake ya njerwa, chaka chachitatu tsopano, mwamuna wanga wa pa foni. Bambo wa m'nyumba muno ndi mng'ono wake, Nasrat yemweyu, wa ndevu zokana kumera, zomwe a Talibani amutukwanira kangapo pamseu.

Wapita kukamata matayala ngati masiku onse, kumseu wa ku bwalo la ndege komweko. Amayi ake anamugwira malaya pakhomo. Iye kuseka: "Amayi, bomba limodzi mtengo wake ungagule dera lathu lonse la Khair Khana. Angalitayire pa ine womata matayala?" Anamumenya kambama kumsana, n'kumuikira mphesa zouma m'thumba.

Ufa wakwera. Nkhuni nazonso.

Lachiwiri, 9 Okutobala

Nasrat wamata mapulasitiki m'mazenera onse, wakumba dzenje pafupi ndi chitsime loti tizibisalamo. Lalifupi. Mursal anati lakwana nkhuku, osati anthu, ndiye anayamba kukangana ngati kale, iye akumutcha bambo aang'ono a ulesi, winayo akumutcha ngamila. Kanthawi kochepa m'nyumba munamveka ngati m'nyumba. Apongozi akuti m'dzenje salowa, adzalowa kamodzi kokha.

Mafuta a nyale atha pa golosale.

Lachinayi, 11 Okutobala

Usiku uliwonse. Tsopano ndi masana omwe. Ndege zake sizioneka n'komwe, kamzere koyera kumwamba basi, kenako fumbi kuseri kwa phiri.

Mseu wadzaza anthu othawa. Ngolo, abulu, matakisi osenza matiresi, ana m'buti. A m'nyumba yoyang'anana nafe achoka osatsanzika, asiya zovala pachingwe. Achimwene anga a Sattar akusaka lole ya ku Jalalabad, akuti tikafika kumeneko tidzaona za malire. Ndawauza atisungire malo anayi. Apongozi avomera mosavuta, komwe apite Nasrat iwonso apita.

Mursal sakudya. Chitseko chikamenyetseka, manja kumakutu. Mwana wolongolola uja, wondiyankha ndisanamalize kulankhula. Mwano wake ndikuusowa.

Dzuwa lalowa, Nasrat sanabwere. Mpunga wake tavundikira.

Lachisanu, 12 Okutobala

Nasrat watisiya.

Ndilembe mmene zayendera, mwina mutu ukhazikika. Achimwene anafika m'mawa, okha. Anadziwa kuyambira dzulo, koma nkhani yotere sitinena usiku, ndipo sitiuza munthu wa njala. Anakhala pansi, kufunsa za moyo wa aliyense, kupempha tiyi. Ananyema buledi n'kundikankhira chidutswa. "Idya kaye, mlongo wanga." Ndinadya, chitsiru ine, uku ndikuwadandaulira za mtengo wa ufa. Anayamikira tiyi, masamba ophika kachitatu. Maso awo pa apongozi, pa khoma, pa kapu, paliponse kupatula pa ine. Kapu itatha anandiitanira kuchitsime.

Bomba linagwa dzulo masana, pamzere wa mashedi a omata matayala. Anamuzindikira ndi malaya omwe ndinamusokera pa Idi. Amuna a mzikiti wa kumeneko anamuika dzuwa lisanalowe. Achimwene akuti sanda yomukulungira inatsala yambiri. Sindinafunse zina.

Apongozi anaika kale ana aamuna awiri. Pa wachiwiri anagwa, pakamwa panapotoka mpaka lero. Wonena uthenga wotere kwa mayi wokalamba amakhala mwana wake wamwamuna, azimayi atamuzungulira oti amugwire. Osati mpongozi, osati munthu wa kubanja lina. Mwana wotsala ali ku Iran. Ndiye achimwene analowa n'kunena chomwe chinabwera pakamwa: a Talibani agwira anyamata pamseu kuti akakumbe maenje a nkhondo kumpoto, Nasrat ali m'gululo, abwera sabata ino kapena yamawa.

Mayi anakweza manja kuthokoza Mulungu. "Bola ali moyo. Akumbe, waulesi uja, aphunzire ntchito."

Ndinapita kukhitchini, ndinaluma mpango mpaka nsagwada kuwawa. Kenako ndinatsuka makapu.

Lamlungu, 14 Okutobala

Maliro opanda maliro. Azimayi a m'dera amva. Ndimawachingamira pachipata, kuwanong'oneza kuti mayi sakudziwa. Amalirira mukanjira, nkhope zili pansi pa chadari, kenako kupukuta, kulowa, kuvundukula, kuyamba nthabwala. Zaka zisanu ndakhala ndikuitukwana nsalu imeneyi yotiphimba mpaka kumapazi. Sabata ino yandithandiza.

A Zarghuna oyandikana nafe anapitirira muyeso. Kuwauza apongozi kuti Nasrat akabwera amupezere mkazi, iwo ali ndi mdzukulu wakhalidwe, wosatuluka m'nyumba. Apongozi kukondwa, kufunsa ngati amadziwa kukanda ufa. Akambirana mpaka za malowolo, mpaka kutsutsana mtengo. Ine ndikuthira tiyi, wina akutayikira pa kapeti.

Mursal akudziwa. Anali kuseri kwa chitsime tsiku lija. Anandifunsa ngati nayenso aziseka. Ndinati inde. Ine yemwe ndinkakwapula ana a sukulu chifukwa cha bodza, asanatitsekere sukuluyo.

Bomba lina lagwa pafupi, dothi la kudenga lagwera mumphika. Tasefa, tadya.

Lachiwiri, 16 Okutobala

Achimwene anakaonana ndi shehe wa mzikiti wathu. Wawerenga pemphero la maliro ndi amuna ochepa, dzina sanalilengeze pa chimkuzamawu, kuopa kuti mayi angamve ali pabwalo. Akuti bodza lotere si tchimo, ndi chifundo. Iye amagona kwake.

Kuchipinda kwa Nasrat sindinakhudze kanthu. Nsapato zake za ku mzikiti pakhomo, galasi lake loyang'anira ndevu zosabwerazo. Apongozi amandituma kukayanika bulangeti lake padzuwa kuti lisanunkhe chinyezi.

Lachitatu, 17 Okutobala

Lole yapezeka. Inyamuka Loweruka m'mawa. Apongozi akana.

"Mwana achoke kumaenje, wanjala, adzapeze loko pakhomo? Pitani inu. Ine ndikhala."

Bodza lathu lomwe latimanga miyendo. Achimwene akanati anamutengera ku Jalalabad, bwenzi mayiyu atakwera lole woyamba, mtolo uli pamutu. Ndinayesa kulikonza. Ndinati ndamva kuti anyamata aja awasamutsira kum'mawa, tikamupeza komweko. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kufunsa wandiuza ndani. Mawu a munthu wa ndevu zoyera anawamva ndi makutu awo, a mpongozi ndi mphekesera za pachitsime. Achimwene akuti sangasinthe mawu tsopano, mayi azindikira.

Masana anandiperekeza ku foni ya m'tauni. Mzere wautali, aliyense akukuwa m'kachipinda kake. Qayum analira ngati mwana, nthawi ikutha, mwini foni akugogoda galasi. Ndinamupempha andilole ndiwauze. Anakana. "Musawauze amayi, amake Mursal. Mukawauza mwawapha, ine ndili kuno. Ndidzanena ndekha ndikabwera." Ndinafunsa abwera liti, malire ali otseka. Anati Mulungu akalola. Anati ndisawasiye okha. Za Mursal anati ndione ine.

Ndione ine. Zonse ndione ine, kupatula chinthu chimodzi chomwe chingatitulutse muno.

Pobwerera tinadutsa pomwe panali nyumba zitatu. Mulu wa dothi, chitseko chobiriwira chitaima chokha. Bambo wina akukumba ndi mbale yodyera, osafulumira, osalira. Achimwene anamupatsa moni, iye anayankha bwinobwino n'kupitiriza.

Lachinayi, 18 Okutobala

Madzulo a Lachinayi akufa amabwera kudzanunkhiza kwawo. Ndakazinga halwa, ufa ndi shuga ndi mafuta otsala, kuti fungo limupeze. Sadaka yake yonse ndi imeneyi, kambale kamodzi. Apongozi anamva fungo ali kuchipinda, kufunsa ndi ya ndani. Ndinati ya malemu bambo anga. Anawapempherera, anadya, n'kunena kuti ndimusungire Nasrat pang'ono, amakonda yopserera ya pansi pa poto.

Ndamusungira.

Loweruka, 20 Okutobala

Mursal wapita ndi amalume ake.

Ndinasinthasintha maganizo mpaka dzulo. Tsitsi layamba kumuthothoka, ndinalipeza pa chipeso. Dzana anaseka pamaso pa agogo ake monga ndinamuuzira, kusekako kunakana kuleka, mpaka ndinamukokera panja n'kumuthira madzi kumaso. Mwana sangakhale m'nyumba yotere. Achimwene ali ndi akazi awo ndi ana asanu, malo a mmodzi sasowa.

Ndagulitsa makina osokera kuti alipire lole ndi kutsala nako kena. Wogula anaona kuti ndili pa changu, anandidyera pomwepo. Ndalama ndamusokerera mu mpendero wa buluku, ndi dzanja, ngati munthu amene sanakhalepo ndi makina.

Pachipata apongozi anakweza Kurani, iye anadutsa pansi pake n'kuipsompsona. Ndinathira madzi m'mbuyo mwake kuti adzabwerere. Chadari yake ndi yanga yakale, yaifupi, akakolo kuonekera. Anandikumbatira mosakhalitsa, kundinong'oneza: "Amayi, auzeni agogo, mubwere." Ndinati posachedwa. Pa lole panali anthu odzaza, mbuzi, njinga, onse ovala chadari ofanana. Sindinadziwe woti ndimubayibitse.

Achimwene anena poyera: njira ndi yoopsa, iwo sabwereranso mpaka nkhondo itatha. Akafika atumiza uthenga ndi madalaivala.

Lolemba, 22 Okutobala

Dzulo bomba linagwa m'dera mwathu muno, kuseri kwa msika. Banja lonse lili pa chakudya. Ndinapita ndi a Zarghuna kukathandiza kusambitsa azimayi. Mmodzi msinkhu wa Mursal, utoto wofiira wa paukwati wa mkulu wake ukadali m'manja. Madzi sanakwane, tinachita kugawa. Nsalu yoyera yatha pamsika, wamng'ono tinamukulunga m'katani.

Ndikusambitsa choncho, mumtima ndikuthokoza kuti wanga ali kutali. Mulungu andikhululukire, ndinakondwa. Ndachita bwino. Mwezi wonse uno chinthu chimodzi chokha ndachita bwino.

Nditabwera apongozi anandithira madzi m'manja okha, kundiuza kuti amayi a anthu aja Mulungu awapatse mtima. Anati iwo sangapirirenso zotere. Ndinati inde amayi.

Lachinayi, 25 Okutobala

Awirife. M'nyumba muli zii. Ndapita ndekha kukagula buledi, wopanda mwamuna wondiperekeza, palibe wandifunsa. A Talibani okwapula akakolo a azimayi aja ali ndi zawo, akubisa magalimoto awo m'tinjira tathu, pansi pa mitengo, pafupi ndi mzikiti. Imodzi yaima kuseri kwa khoma lathu. Tonse tikudziwa chomwe chimatsatira galimoto yotere. A Zarghuna nawonso achoka, andisiyira nkhuku ziwiri ndi makiyi.

Apongozi akuluka masokosi, akuti kumaenje kukuzizira. Masana aliwonse amatsimphinira pachipata ndi ndodo yawo, kufunsa aliyense wochokera kumpoto. Wina wamtima wabwino wawauza kuti anamuona ndi maso ake, wanenepa. Anthu athu ndi okoma mtima mpaka kukupha. Mayi wadya bwino lero.

Halwa sindinakazinge, mafuta palibe. Ndangowotcha kansalu konyowa mafuta ka pa botolo, kuti kafungo kakhalepo.

Ku Jalalabad sikunachoke mawu.

Loweruka, 27 Okutobala

Ndinayesa kuwauza. Qayum anene zomwe anene. M'mawa, monga mwa mwambo. Ndinawapatsa tiyi wa shuga ndi dzira la nkhuku ya a Zarghuna, ndinadikira ameze. Ndinakhala pafupi, dzanja pa bondo lawo. Ndinati amayi. Anatembenuka ndi pakamwa popotoka paja, sokosi lili pa singano, n'kunena kuti ndibweretse phazi ayezere, la Nasrat ndi lalikulu pang'ono chabe kuposa langa. Ndinatambasula phazi.

Nthawi zina ndimadana nawo. Ndalemba. Mayi amene anandilandira ndili kamtsikana, amene anandigwira msana pobereka Mursal, amene anandiikira kumbuyo kwa mwana wawo yemwe nditafuna kupitiriza uphunzitsi. Ndimawayang'ana akuwodzera, ndimaganiza kuti atangogona osadzuka, mawa lomwe ndili pa lole. Kenako ndimawafunditsa bulangeti.

Kumsika akukamba za njira ya ku Jalalabad. Uyu akuti achifwamba m'zigwa za Sarobi, uyo akuti ndege zikuwombera chilichonse choyenda ndi matayala. Wina akuti pa malire anthu akugona pamtetete. Ndafika mpaka pokwerera malole, ine, kufunsa amuna achilendo. Aliyense akuti njira ili bwino, mayi, musadandaule. Ndingamukhulupirire ndani m'dziko lino?

Lachiwiri, 30 Okutobala

Uthenga palibe.

Galimoto ija yachoka, Mulungu atamandike. Nkhuku zasiya kuikira. Kwazizira, tasamukira m'chipinda chimodzi. Masokosi atha, ayamba chipewa.

Ndagona pamalo pa Mursal. Pilo akununkhabe sopo wake.

Lachinayi, 1 Novembala

Achimwene abwera. Okha. Dzuwa likulowa.

Munthu amene anati sabwereranso. Fumbi mpaka m'nsidze, nduwira ina yosakhala yawo, mwendo akuukoka. Ndinathamanga osavala nsapato, kufunsa Mursal. "Onse ali bwino, mlongo wanga. Akupereka moni." Ndinafunsa ali kuti, ku Jalalabad kapena awoloka. Anati ali pabwino. Ndinafunsa wanena chiyani, mawu ake enieni. Mwana wanga sapereka moni wouma, amawonjezera kachipongwe. Anati atopa, tikamba m'mawa.

Anadya pang'ono. Anacheza ndi apongozi nthawi yaitali, kuwayang'ana m'maso, kuyamikira masokosi. Ine sanandiyang'ane.

Mwina atopadi. Njira ndi yaitali, bamboyu ndi wamkulu. Mwina abwera kudzatitenga. Mwina Qayum wawatuma kuti anene za Nasrat m'malo mwake, ndiye akuchita nane manyazi chifukwa cha bodza lija. Zikhoza kutheka. Zikhoza kutheka ndithu.

Lachisanu, 2 Novembala

Kwacha. Achimwene ataswali anatuluka, abwera ndi azimayi awiri otsala mumsewu muno. Akhala pakhonde, nkhope sanavundukule. Achimwene akhala pa kapeti, apempha tiyi.

Apongozi anandipeza kukhitchini kuno. Avala mpango woyera wa maliro, masokosi awapinda, ali nawo m'manja. Anandigwira mkono. "Thira tiyi, mwana wanga. Azimayiwo ndawaona. Ndine wamkulu, ndikudziwa adzera ine. Ndakonzeka."

Ndinawapsompsona dzanja. Ndinafuna ndi mtima wanga wonse kuti zikhale choncho, kuti ikhale imfa yawo ija, yakale, yomwe ndawasungira. Mulungu, ikhale imeneyo. Mayi wokalamba waima pamaso panga, ine ndikumupempherera kuti agwe.

Ndinasuzumira. Buledi achimwene anyema kale. Chidutswa aika pamalo panga.

Ketulo yawira. Ndathiramo madzi ozizira. Yawiranso, ndathiramonso. Mumtsuko mwatsala ochepa. Tiyi asanalowe m'chipindamo Mursal ali ku Jalalabad, ali bwino, akupereka moni.

Aitana kachiwiri. Ndayankha kuti madzi sanawire.